Masiku anayi ndi wotsogolera alendo pa phiri la Mulanje: zimene wolemba ndakatulo amapindula nazo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa Chichewa kusukulu ya sekondale, ndipo nthawi ya tchuthi ndimalemba ndakatulo ndi nkhani zifupizifupi. Chaka chilichonse ndikapatsa ophunzira ntchito yolemba ndakatulo ya chilengedwe, pafupifupi onse amabweretsa zofanana: mitengo yatha, mbalame zathawa, mitsinje yaphwa, ndipo mzere womaliza umalangiza anthu kuti abzale mitengo. Mtengo wake sautchula, mbalame yake saidziwa, ndipo mtsinjewo ulibe dzina. Ndinkawadzudzula kwambiri pa chifukwa chimenechi, mpaka tsiku lina nditawerenganso zolemba zanga ndinapeza kuti ndakatulo zitatu zimene ndinalemba zokhudza mkungudza wa ku Mulanje ndinazilemba ndisanaugwirepo mtengowo ngakhale kamodzi. Izi n'zimene zinandinyamula kupita ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumapeto kwa mwezi wa July, kumene ndinalemba ganyu wotsogolera alendo mmodzi ndi wonyamula katundu mmodzi kwa masiku anayi. Zimene ndilembe pano ndi maganizo anga pa ntchito imene anthu awiriwa anandigwirira, ndipo ndikuiyeza ndi muyeso wa munthu amene anakwera phiri kukafuna mawu olembera, osati kukajambulitsa pansonga.

Kuchokera ku Limbe ndinakwera minibasi yodzera msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, ndipo kuchokera pamenepo ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kulowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Anyamata otsogolera alendo, amene anthu akumeneko amangowatchula kuti magaidi, pamodzi ndi anzawo onyamula katundu otchedwa mapota, amagwira ntchito mosinthana kuti aliyense apezeko kangachepe, ndipo malipiro awo amawerengedwa pa tsiku. Tinagwirizana zonse tisananyamuke, ndipo pa masiku anayi onsewo panalibe amene anandipempha ndalama yoonjezera. Chimenechi ndikuchitchula poyamba chifukwa ndi chimene chimapatsa mlendo mtendere wa mumtima.

Tsiku loyamba silinayambe bwino. Tinatenga njira ya Chapaluka yopita kuchigwa cha Chambe, ndipo gaidiyo, mnyamata wa zaka za m'ma 30, ankayenda mwaliwiro ngati munthu wothamangira maliro. Ankandilankhula m'Chingerezi ngakhale kuti tinapatsana moni m'Chichewa, ndipo titafika pa Dziwe la Nkhalamba anafotokoza mbiri ya malowo m'ziganizo ziwiri zoloweza pamtima, zimene zinkaoneka kuti wazinenapo kwa alendo mazanamazana. Anati kale pamalopo pankaoneka nkhalamba ya imvi, ndipo anthu ankabwera kudzapereka nsembe kwa mizimu, kenaka anayang'ana wotchi. Ndinakhala pamwala n'kumuuza kuti, "Achimwene, ine sindikuthamangira kunsonga ya Sapitwa. Ndabwera kudzaphunzira mayina a zinthu, ndipo tikafika usiku palibe mlandu." Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anaseka n'kunena kuti, "Ndiye aphunzitsi, tibwerere pang'ono, pali mtengo taudutsa." Kuyambira pamenepo ulendo unasintha, ndipo munthu amene ndinayenda naye masiku otsatirawo anali ngati wina.

Mtengo umene tinabwererawo unali mlombwa. Anandionetsa pamene munthu wina anatemapo ndi chikwanje, pomwe panatuluka utomoni wofiira umene unauma ngati magazi a pachilonda, ndipo anati agogo ake ankanena kuti mtengo umenewu ukamatemedwa umalira ngati munthu. Pambuyo pake anandionetsa msuku, n'kundikumbutsa kuti masuku amapsa mvula ikamayamba, nthawi imene ufa umakhala utatha m'nyumba zambiri, ndipo n'chifukwa chake ngakhale otema nkhuni ankaulekerera. Anandionetsa mombo umene khungwa lake limapereka luzi lomangira nyumba, muwanga umene nkhuni zake zimagona ndi moto usiku wonse, komanso mbawa imene inaima m'mbali mwa mtsinje. Mtengo uliwonse ankautchula pamodzi ndi ntchito yake, nyengo yake ndiponso chifukwa chimene ukuchepera. Ndinadzaza masamba asanu ndi limodzi a kope langa tisanafike n'komwe pamwamba. Kwa wolemba, phindu lalikulu la ntchito ya gaidi lili pamenepa. Ndakatulo yonena kuti mitengo yatha siikhudza mtima wa munthu, koma yonena kuti muwanga umene unkasunga moto wa agogo mpaka m'mawa wapita m'matumba a makala imakumbutsa wowerenga nyumba imene anakuliramo.

Chigwa cha Chambe chinandidabwitsa chifukwa cha kuyera kwake. Pamwamba pake paima nsonga ya Chambe, yotalika mamita 2,557, koma pansi pake pali udzu, zitsa ndi timitengo ta paini tomera patalipatali. Gaidi anafotokoza kuti kale boma linabzala m'chigwamo paini wochokera ku Mexico kuti lizipeza matabwa, ndipo matabwawo ankatsitsidwa kupita ku Likhubula pa chingwe chachitsulo cholendewera m'malere. Painiyo anayamba kudzimerera yekha n'kumalanda malo a mitengo yachilengedwe, mpaka panafunika ntchito yaikulu yomuchotsa. Nkhani imeneyi payokha ndi phata la nkhani yopeka, chifukwa mtengo umene unabwera ngati mlendo wothandiza unasanduka wolanda malo a eni nthaka.

Mkungudza weniweni ndinauona tsiku lachiwiri, ndipo sunali mtengo koma chitsa. Tinapatuka panjira n'kulowa m'kachigwa kena kachinyontho, ndipo gaidi anachotsa ndere pamwamba pa chitsa chachikulu moti anthu awiri sakanachikumbatira. Anapala pang'ono ndi mpeni n'kundiuza kuti ndinunkhize. Fungo lake linali lamphamvu ndi lokoma ngati kuti mtengowo wadulidwa dzulo, chonsecho kunja kwake kunali kutatuwa ndi mvula ya zaka zambiri. Mafuta amene amatulutsa fungoli ndi amene amachititsa kuti thabwa lake lisadyedwe ndi chiswe ndiponso lisaole msanga, ndipo ubwino umenewu ndi umene unauphetsa. Mtengowu, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei potengera dzina la Alexander Whyte amene anayendera phirili mu 1891, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984, koma pofika mu 2017 ofufuza anapeza kuti mitengo ikuluikulu yotsala inali yowerengeka ndi zala. Ndinakhala pa chitsacho nthawi yaitali, ndipo gaidi sanandifulumize.

Chimene ndinamulemekezera kwambiri mnyamatayu ndi zimene anandiuza titakhala pamenepo. Ndinali nditayamba kale kulemba mizere yotemberera odula mitengo, ndipo nditamuwerengera anakhala chete, kenaka anandiuza kuti bambo ake anali ocheka matabwa m'phiri momwemo. Anafotokoza momwe amuna awiri amachekera chipika ndi sowo yaitali, wina ataima pamwamba wina ali m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso, komanso momwe munthu amatsikira phiri atasenza thabwa lalitali pamutu, wopanda nsapato, pa miyala yoterera. Anati ndalama imene wosenza amalandira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene amapeza wogula wa m'tauni amene phirilo sanalipondepo, ndipo fizi yake ya kusekondale inachokera m'matabwa amenewo. Sanaikire kumbuyo kudula mitengo, ndipo iye mwini amagwira nawo ntchito yolambula njira zotchinga moto. Koma anandithandiza kuona kuti ndakatulo yanga inali ndi mdani wosavuta kumuloza chala, pomwe nkhani yeniyeni ili ndi minda yochepa ya anthu okhala pakati pa phiri ndi minda ikuluikulu ya tiyi, ili ndi njala, ndiponso ili ndi ogula amene dzina lawo silimveka. Mizere ija ndinaifufuta usiku womwewo. Zolemba zathu zambiri za chilengedwe zimalephera pamenepa, chifukwa zimasanduka ulaliki wodzudzula mlimi wosauka, ndipo munthu amene anakulira m'munsi mwa phiri ndi amene angamuwongole wolemba.

Anandionetsanso timbande ta mkungudza tobzalidwa m'zaka zaposachedwapa, pa ntchito imene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likugwira pamodzi ndi midzi yozungulira phirili, kumene anthu amafesa mbewu m'manazale. Tina tinali titafika m'chiuno, tina tinali titapsa ndi moto wa osaka nyama n'kutsala timitengo takuda. Mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo moto umodzi wa mwezi wa October umatha kuwononga ntchito ya zaka zisanu.

Malo ogona m'phirimu ndi tinyumba tokhala ndi mlonda, amene amasamala malowo, kutunga madzi ndi kusonkha moto. Mlendo amanyamula yekha chakudya ndi zofunda, ndipo m'mwezi wa July kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Gaidi anachita chinthu chimene sindinamupemphe koma chimene chinandipindulira kwambiri: anaitana mlonda, bambo wachikulire, kuti adzadye nafe nsima ya usipa umene ndinagula pa Chitakale, ndipo anawauza kuti mlendoyu amakonda nkhani zakale. Bambowo anayamba mwamanyazi, koma moto utakolera anamasuka. Anakamba za chakudya chimene munthu amatha kuchipeza m'phiri chitakonzedwa kale, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, chimene uyenera kudya wekha osaitana mnzako, ndipo ukaphwanya lamulolo sumaionanso njira yobwerera kwanu. Anakamba za Amwandionerapati, anthu aafupi amene ankafunsa mlendo kuti wawaonera pati, ndipo wanzeru ankayankha kuti wawaonera kutali. Anakambanso chifukwa chimene nsonga yaitali kwambiri, ya mamita 3,002, inatchedwa Sapitwa. Ndinaona kuti nthano zonsezi zili ndi mutu umodzi, wakuti m'phiri muli eni ake ndipo mlendo amatenga chimene wapatsidwa chokha. Pamene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu July 2025, linatero poona chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao amene amalilemekeza ngati malo a mizimu, ndipo usiku umenewo ndinamva ndi makutu anga chimene chinalembedwacho.

Kenaka nkhani inafika pa Napolo. Mlondayo anali mnyamata pamene madzi ndi miyala zinatsika phiri la Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe mu March 1991, ndipo anafotokoza phokoso lake ngati la magalimoto ambiri oyenda pamodzi usiku. Kwa iye, Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka n'kutenga chilichonse chili panjira yake. Gaidi, amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ankanena za mvula yosalekeza ya masiku angapo ndi za mapiri ometedwa mitengo amene nthaka yake ilibenso mizu yoigwira. Awiriwa sanatsutsane, ndipo aliyense ankavomereza mawu a mnzake ngati kuti akunena chinthu chimodzi m'zinenero ziwiri. Malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anamanga ndakatulo zake zambiri pa Napolo, ndipo buku lake la Napolo Poems linatuluka mu 1987. Ndakatulo zimenezi iye anazilemba m'Chingerezi. Nditakhala pamoto paja ndinadzifunsa chifukwa chimene ife olemba m'Chichewa, amene mawu amenewa ndi athuathu, timasiyira chuma chotere n'kumalemba ndakatulo zokhala ngati zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Pa nyama, gaidi anali ndi maso akuthwa. Anandionetsa mbira zikuothera dzuwa pathanthwe, chinkhoma chitaima pansonga ya mwala ngati chosema, ndiponso nchima zikudumpha m'kankhalango ka m'mphepete mwa mtsinje. Popita ku kanyumba kogona ka Chisepo anaima mwadzidzidzi n'kuloza kanthambi kamene ine ndinkangoona masamba, ndipo panali nadzikambe wamng'ono atatseka diso limodzi. Pa phirili pali mtundu wa nadzikambe umene supezeka kwina kulikonse, ndipo akatswiri a sayansi anautcha Nadzikambia mlanjensis, kutenga dzina lathu lomweli n'kuliika m'mabuku a dziko lonse. Kanyamaka kanandikumbutsa nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, yonena kuti Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Makolo athu anali ataipeka kale nkhani ya kuwonongeka kwa chilengedwe, ndipo pakati pake anaikapo moto, womwewo umene ukupsereza timbande ta mkungudza lero.

Tsiku lachitatu tinayenera kukwera Sapitwa kuchokera pa kanyumba ka Chisepo, chifukwa ngakhale ndinanena kuti sindikuthamangirako, mtima unkafunabe. M'mawa kunacha bwino, koma gaidi anayang'ana kum'mwera chakum'mawa, kumene kumachokera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza yochokera ku Mozambique, ndipo ananena kuti sitipita. Ndinamuchonderera, ndipo ndinanenanso kuti ndimuonjezera ndalama, koma anakana mwaulemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, phiri silithawa, mudzabweranso." Isanakwane 10 koloko nkhungu inali itatseka paliponse moti munthu sankaona mnzake ataima mayadi asanu. Anthu atayikapo pa Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil amene anapitirira yekha wopanda womutsogolera anapezeka atamwalira patapita masabata. Gaidi amene amakana ndalama pofuna kusunga moyo wa mlendo wake ndi woyenera malipiro ake onse. Tsiku limenelo ndinakhala pafupi ndi moto n'kulemba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, khwangwala wa khosi loyera akuyendayenda pakhomo kufuna nyenyeswa.

Zofooka zinalipo, ndipo ndiyenera kuzinena. Gaidi wanga ankadziwa mitengo ndi nyama, koma pa mbalame anali wosauka. Zambiri ankangoti ndi timbalame ta m'nkhalango, ndipo zochepa zimene ankazidziwa ankazitchula ndi mayina a Chingerezi amene anaphunzira kwa alendo. Izi zinandimvetsa chisoni chifukwa m'nkhalango za phirili mumakhala mbalame zosowa, monga imene m'mabuku imatchedwa Thyolo alethe, yomwe inatenga dzina la phiri la Thyolo kumene nkhalango yake inadulidwa pafupifupi yonse. Mayina a Chichewa, Chilhomwe ndi Chiyao a mbalame zimenezi ali m'mitu ya okalamba ngati mlonda uja, ndipo magaidi achinyamata akanachita bwino kukhala nawo pansi n'kuwalemba asanapite nawo kumanda. Chachiwiri, gaidi sananyamule mankhwala alionse a chithandizo choyamba, ndipo pamene pota wathu anadzicheka chala pamwala tinamanga ndi kansalu kanga. Pota yemweyo anakwera phiri lonse atavala nsapato zapulasitiki zong'ambika, atasenza chikwama changa cholemera, ndipo ndikuona kuti amene amayendetsa ntchitoyi pamodzi ndi ife alendo tiyenera kuchitapo kanthu. Chachitatu n'chakuti mlendo amene sanena chimene akufuna adzalandira ulendo wothamanga ndi nkhani zoloweza zija, chifukwa anyamatawa anazolowera anthu ofuna kufika pansonga n'kubwerera.

Kwa mphunzitsi, wolemba nkhani kapena mlakatuli amene akufuna kulemba za chilengedwe, ntchito imeneyi ndikuivomereza ndi mtima wonse, ndipo ndikulangiza kuti apite miyezi yopanda mvula, kuyambira May mpaka August, moto wa tchire usanayambe. Anyamule zofunda zokwanira, kope lokutidwa m'pepala lapulasitiki, pensulo m'malo mwa cholembera cha inki chimene chimafufutika ndi chinyontho, ndiponso chakudya chokwanira kugawana ndi gaidi, pota ndi mlonda, pakuti nkhani zabwino zimatuluka pamene anthu akudyera mbale imodzi. Auze gaidi tsiku loyamba lomwelo kuti akufuna kuyenda pang'onopang'ono ndiponso kuti azilankhula Chichewa.

Titatsika tsiku lachinayi, pafupi ndi msewu wa pa Likhubula anyamata ogulitsa ziboliboli anandizungulira ndi timabokosi tosemedwa bwino, ndipo mmodzi anatsegula kabokosi n'kukandiyandikizira kumphuno. Linali fungo lomwe lija la pa chitsa. Ndinayang'ana gaidi wanga, koma iye anayang'ana kumbali, chifukwa ogulitsawo ndi anzake okulira nawo m'mudzi umodzi. Kabokosiko sindinagule. Ndinagula nthochi ndi chinanazi kwa mayi wina amene anakhala chapafupi, ndinalipira gaidi ndi pota, ndipo tinagwirizana kuti chaka chamawa ndidzabwera ndi ophunzira khumi a Fomu 3, aliyense ndi kope lake, kuti tidzagone usiku umodzi pa Chambe.